Fulashi, Mawu Amene Ndinalanda Mwana

Ndili ndi mtima wapachala, ndipo aliyense amene anadutsa m'kalasi mwanga atha kuchitira umboni. Choko ndinkagenda nacho, dasita ndinkagenda nayo, ndipo tsiku lina ndinavula nsapato n'kugenda mwana amene ankatafuna chimanga chokazinga ine ndikuwerenga ndakatulo. Zimenezo sindichita nazo manyazi kwenikweni. Ambiri a iwo tikakumana pamsika wa Khonjeni amandikumbutsa akuseka, ena mpaka kundigulira nthochi. Chimene chimandidya mpaka lero ndi mawu amodzi amene ndinalanda mtsikana wina wa Fomu 4. Ndinayesa kumubwezera, koma ndinachedwa.

Ndinkaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera yomwe ili m'malire a esiteti ya tiyi. Ukaima pa bolodi n'kuyang'ana pazenera, unkangoona tiyi yekhayekha mpaka kukafika kuphiri. Ana ambiri anali a anthu othyola tiyi, ena ankayenda wapansi kuchokera kumidzi ya kwa Chimaliro. Ine ndinkakonda ndakatulo zakale za Chingerezi, zija zolembedwa ndi anthu amene anamwalira azigogo athu asanabwere n'komwe kuchokera ku Mozambique. Kuzikondako kunali kwenikweni, sindikunama. Ndinkazinena pamtima ndikuchapa, ndikupalira ndiwo kuseri kwa nyumba, n'kumamva mawu akugwa m'malo mwake limodzilimodzi. Koma ndinkazikondanso pa chifukwa china chomwe sindinkauza munthu: zinkandiika patali ndi kumalaini, nyumba zamizeremizere za antchito a pa esiteti, komwe ndinabadwira. Bambo anga anali odulira tiyi. Pasukulupo palibe amene ankadziwa zimenezi, poti malaini athu anali pa esiteti ina kutali, ndipo ine munthu akandifunsa kwathu ndinkangoti ku Thyolo konkuno.

M'mutu mwanga munali Chingerezi cha mitundu iwiri. China chinali cha m'mabuku, chomwe ndinachivutikira mpaka kukoleji. China chinali cha pa esiteti, chija amakuwa nacho akapitawo poyang'anira antchito, chodukaduka, chosakaniza ndi Chichewa ndi Chilomwe. Ziwirizi sindinkalola kuti zikhudzane.

Mwa ndakatulo zimene tinkawerenga chaka chimenecho munali ina yonena za mayi wamasiye. Mwamuna wake asanamwalire anadulira mtengo wazipatso wa kuseri kwa nyumba, n'kuusiya thunthu ndi nthambi zochepa. Iye anamwalira m'nyengo yozizira. Nyengo itasintha mayiyo anatuluka kukaima pa mtengo uja, ndipo cha kumapeto kwa ndakatuloyo wolemba anaikamo mawu oti flush ponena za mtengowo. Notsi zanga zakukoleji zinkati mawuwa amatanthauza kufiira nkhope kumene azungu amachita akagwidwa ndi manyazi. Ndiye chaka ndi chaka ndinkaphunzitsa kuti mtengowo ukuchita manyazi chifukwa watsala wamoyo mwini wake atapita. Ana ankakonda gawo limeneli, chifukwa ndinkayerekezera mzungu akufiira makutu, iwo n'kumaseka chikhakhali. Ankalemba, ankaloweza, ena ankakhoza nazo.

Tsikulo kunali mu Novembala, mvula yoyamba itagwa masiku angapo m'mbuyomo. Nditamaliza kulemba pa bolodi za mtengo wamanyazi, ndinaona mkono kumbuyo. Anali mtsikana wamtali, wosalankhulalankhula, amene amayi ake ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Makope ake anali aukhondo, koma polankhula Chilomwe chinkamveka m'mawu ake aliwonse, ndipo anzake ankamuseka nazo. Sindikukumbukira kuti anaimikapo mkono tsikulo lisanafike.

"Madamu, mwina si manyazi," anatero ataimirira.

"Nanga n'chiyani, poti lero talandira apulofesa?"

Sanamve kuti ndikumuseleula, kapena anamva koma anali atayamba kale. "Ndi fulashi, madamu, ngati wa tiyi. Tiyi akamudulira amaoneka ngati wafa. Ndiye mvula ikagwa amatulutsa timasamba tofewa, tonse nthawi imodzi, munda wonse. Amayi amati fulashi wabwera. Ndiye mtengowo sukuchita manyazi, ukuphuka. Ukuphuka bwino chifukwa bamboyo anaudulira bwino. Mayiyo akamaona masambawo, akuona dzanja la mwamuna wake."

Ine ndinadziwa pomwepo kuti mwanayo wanena zoona. Mawu amenewa ndinakula nawo. Bambo anga ankabwera kuchokera kodulira m'miyezi yozizira, manja atang'ambikang'ambika, n'kumauza amayi kuti chaka chino mudzaona fulashi wake. Ndinali nditaphunzitsa ndakatuloyo zaka zambiri, tiyi ali panja pazenera, osaona. Mwana wa kumalaini anangoona kamodzi.

Mphunzitsi wabwino akanati, ana inu tamuomberani m'manja mnzanuyu. Ine magazi anangokwera kumutu. Ndinamva ngati mwanayo wandivula nsalu pagulu, ngati wauza kalasi yonse kumene ndinachokera.

"Tamva," ndinatero. "Ndiye mukufuna kutiuza kuti mzungu amene analemba izi anali kapitawo wa amayi anu? Ichi ndi Chingerezi cha m'buku, si chija amakuwirana kusikelo ya tiyi. Fulashi amene ine ndikumudziwa kunja kwa bukuli ndi wa m'chimbudzi chamadzi, ndipo kumalaini kwanuko kulibe. Zakumunda uzizisiya kumunda. Khala pansi."

Kalasi inaseka mpaka ena kumenya madesiki. Ambiri mwa osekawo analinso a kumalaini komweko, koma mphunzitsi akaloza wina, aliyense amasekera kuti chalacho chisamupeze. Mtsikanayo anakhala pansi pang'onopang'ono n'kutenga cholembera. Ndinamuona akukopera za pa bolodi zonse, osasiyako.

Belu la bureki litalira sindinalowe m'chipinda cha aphunzitsi. Ndinazemba kuseri kwa ofesi, n'kutsegula dikishonale ya pa foni. Ndinkapemphera kuti ndipeze kuti mwanayo analakwa. Tanthauzo loyamba linali kufiira nkhope. Lachiwiri linali la madzi a m'chimbudzi lija. Ndinatsika nawo mpaka ndinapeza lachinayi: kuphuka kwa masamba atsopano nthawi imodzi pa mtengo kapena m'munda. Ndiye musandimvere chisoni n'kumati mwina sindinkadziwa. Ndinadziwa ola lisanathe, foni ili m'manja.

Masana ake ndinawerenganso ndakatuloyo ndili kunyumba, ndipo inangokhala ngati ndikuiwerenga koyamba. Ndinaona chifukwa chake mizere yoyambirira ili yaifupi, yoduka mwadzidzidzi: wolembayo ankaidulira ngati mtengo womwewo. Ndinaona chifukwa chake mzere wa mawu ajawo ndi wautali kuposa yonse, wosapumira pakati. Ndipo mayi wamasiye uja, amene zaka zonsezi ndinkamuyesa wongoima n'kumalira, ndinamuona bwino. Akuyang'ana ntchito yomaliza ya mwamuna wake, ntchitoyo yatheka, koma woti amuuze kuti yatheka palibe. Ndinalira ndithu pamenepo, ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anamwalira, tiyi amene anadulira anaphuka iwo ali m'manda. Nditapukuta misozi ndinati mawa ndikakonza pamaso pa ana onse.

Mawa lake sindinakonze. Ndinati ndiyambe ndamaliza ndakatulo yotsatira. Kenako ndinati ana angasokonezeke mayeso a teremu ali pafupi. Kenako ndinati ndikavomera kuti ndinalakwa, Fomu 4 imeneyi yomwe ndi yovuta kale idzandikwera pamutu. Zifukwa sizisowa munthu akamazifuna.

Pamene ine ndinkazengereza, dzina linali litamera. Sukulu yonse inkamutcha Fulashi. Akamadutsa pakhonde, anzake ankakweza mkono n'kukoka chingwe chongoyerekezera, n'kumachita phokoso la madzi ndi pakamwa. Ndinawagwirapo angapo n'kuwapatsa chibalo chotchetcha bwalo lonse la mpira, ndikuwakalipira mpaka mawu kutha, ngati kuti amene anayambitsa ndi wina. Mtsikanayo sanadandaule kwa aliyense. Ankabwera kusukulu, ankalemba notsi, akakumana nane ankandilandira mabuku mwaulemu ndi manja awiri. Mkono wokha sanaimikenso.

Teremu yachiwiri tinalandira uthenga woti kukubwera mkulu wina wochokera ku ofesi ya maphunziro kudzaona mmene timaphunzitsira. Ahedi anandisankha ine, poti ndinkadziwika kuti ndine katswiri wa ndakatulo. Ndinakhala pansi kuganiza kuti ndiphunzitse chiyani choti mlendoyo adzapite akundikumbukira. Chimene ndinasankha mwachidziwa kale, ndipo ndikamalemba pano nkhope ikundiyaka.

Mlendoyo, bambo wachikulire wamagalasi, anakhala kumbuyo kwa kalasi, pafupi ndi desiki ya mtsikanayo. Ndinauza ana kuti tibwereza ndakatulo ya mayi wamasiye, chifukwa ndafufuza mozama ndipo ndapeza tanthauzo lina lobisika. Ndinawadzutsa onse n'kupita nawo pazenera. Ndinawalozera tiyi, ndinafotokoza za kudulira, za mvula, za timasamba tofewa totuluka nthawi imodzi. Ndinanena mpaka za dzanja la mwamuna, mawu ake omwewo a mwanayo, kungoti ine ndinawanena m'Chingerezi chabwino. Ana onse ankadziwa, ndipo ena ndinawaona akuba diso kuyang'ana mnzawo. Iye anali ataima kumapeto kwa gulu, akuyang'ana tiyi monga ndinalamulira.

Phunziro litatha mlendoyo anaimirira n'kundiyamikira pamaso pa ana. Anati wayenda m'masukulu ambiri koma sanaonepo mphunzitsi wotengera ana pazenera kuti amvetse ndakatulo ya kutsidya kwa nyanja. Kenako anandifunsa kuti, "Madamu, nzeru imeneyi munaipeza bwanji?"

Mpata unali pamenepo. Mwanayo anali pafupi moti ndikanangotambasula mkono n'kumugwira paphewa. M'malo mwake ndinamwetulira n'kunena kuti, "Bwana, ine ndine mwana wa pa esiteti. Bambo anga anali odulira tiyi."

Kanali koyamba kuti nditchule zimenezi pasukulupo. Chinthu chomwe ndinabisa zaka zonsezo, chomwe ndinanyozera mwana wa eni ake, ndinachitulutsa tsiku limene ndinaona kuti chindibweretsera ulemu. Mlendoyo anandigwira chanza ndi manja awiri.

Mayeso oyeserera atafika, funso la ndakatulo imeneyi ndinaliika ndekha. Pochonga, pepala lililonse linkanena za kuphuka kwa tiyi, ena molongosoka, ena mongoloweza. Nditafika pa pepala la mtsikanayo ndinapeza notsi zanga zakale, mawu ndi mawu: azungu amafiira nkhope, mtengo ukuchita manyazi. M'kalasi yonse iye yekha ndi amene analemba zimenezo.

Ndinapsa mtima, poti ndi mmene ndilili. Ndinati mwanayu akundichita chipongwe, akufuna kundikumbutsa. Ndinaponya pepalalo pansi n'kuyamba kusesa m'nyumba momwe munali mosesa kale. Koma ndikusesa choncho ndinakumbukira kuti mayeso enieni atsala milungu yochepa, ndipo amene adzachonge kumeneko sadzadziwa za ine ndi iye. Akadzalemba zolakwika, adzalephera yekha, ndi mawu anga. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera kabaza kupita kumalaini.

Kunali chiperoni, kamvula kowaza kosalekeza, moti tiyi ankangooneka mizere iwiri itatu kenako nkhungu. Wakabaza ananditsitsa pamsewu ndipo ndinamuuza kuti andidikire. Sindinafunse njira kwambiri. Malaini amafanana kulikonse, ndipo mapazi anga ankadziwa pomwe pamakhala mpopi ndi pomwe pamakhala zimbudzi. Ndinapeza amayi a mtsikanayo ali pakhonde akusoka chingwe cha dengu lothyolera tiyi. Anali mayi wochepa thupi, zala zakuda ndi utomoni wa masamba. Atamva kuti ndine madamu a Chingerezi anadzidzimuka, anandiyalira chitenje pampando, n'kugwada pondipatsa moni. Anaitana mwana wawo m'Chilomwe, ndipo anatuluka n'kukhala pamkeka cha patali.

Ndisanayambe n'komwe, mayiwo anayamba ndi iwo. "Madamu, ndikudziwa chimene mwabwerera. Ndimafuna ndibwere ndekha kudzapepesa, koma ntchito yathuyi sipereka mpata. Ndinamva kwa anzake kuti mwana wanuyu anakutsutsani m'kalasi. Ndinamukalipira kwambiri. Ndinamuuza kuti ine ndikunyowa m'mundamu kuti iwe usadzanyowe, ndiye ukutenganso zolankhula zanga kupita nazo kusukulu? Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewo sititchula m'nyumba muno. Ngakhale ine ndinasiya. Ngati wabwerezanso, mumumenye ndithu, ndi mwana wanu."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinatsika pampando paja n'kukhala nawo pansi, siketi yakutchalitchi ili m'thupi.

"Mayi, mwanayu sanalakwe," ndinatero. "Wolakwa ndine. Zimene ananena zinali zoona, ndipo ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinamunyoza pagulu, kenako ndinatenga mawu ake n'kukawanena ngati anga. Ndabwera kudzapepesa kwa inu ndi kwa iye."

Mayiwo anandiyang'ana, kenako anaseka pang'ono n'kuomba m'manja mwaulemu. "Wamva mtima wa aphunzitsi ako?" anatero kwa mwanayo. "Akudzitsitsa kuti iwe usakhumudwe. Anthu ophunzira amatero." Ndinabwereza kawiri, ndinalumbira ndithu, koma sanandikhulupirire. Kuti madamu a Chingerezi angalakwe mawu a Chingerezi, iwo amene sanapite kusukulu n'kukhoza, zinali zosatheka kwa iwo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mapeyala anayi m'kambale, n'kuuza mwanayo kuti andinyamulire pondiperekeza.

Tinayenda m'kanjira kodutsa pakati pa tiyi, iye patsogolo ndi kambale, ine pambuyo. Gawo lina la mundawo anali atangolidulira, timitengo tili mbuu, topanda tsamba.

"Wamva zimene ndanena kwa amayi ako?" ndinafunsa.

"Ndamva, madamu."

"Ukukhulupirira?"

"Ngati mwanena choncho, madamu."

"Nanga bwanji unalemba za manyazi pa mayeso aja? Sunalipo tsiku lija ndinakutengerani pazenera?"

"Ndinalipo. Ndinkayesa kuti zimene zija zinali za mlendo." Anasintha kambale kuika kudzanja lina. "Mlendo akabwera timasesa panja, timabwereka mayunifomu. Ndiye ndinati mwina ndi zomwezo, akapita tibwerera ku notsi."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundinyoza. Ndikanakonda akanandinyoza, chifukwa mwano ndimadziwa kuuyankha. Koma nkhope yake inali ya mwana amene akufuna kukhoza mayeso basi. Titayandikira pamsewu, wakabaza akuoneka atabisala pansi pa mtengo, anaima.

"Madamu, ndifunse nawo. Ndakatulo imeneyi ikadzabwera pa mayeso enieni, ndidzalembe liti? Yankho lanu loyamba lija, kapena lanu lachiwiri?"

"Udzalembe lako," ndinatero.

Anayamba waganiza kaye, monga amachitira mwana amene sakufuna kuyankha molakwika.

"Langa liti, madamu?"